Moto wa Pansi pa Mankhusu

Linali Lachinayi, teni koloko m'mawa, m'mwezi wa Juni. Nthawiyo ndikuidziwa chifukwa wailesi ya pa okala inali itangoitchula pamene mwana wanga anakuwa. Sikunali kulira kwa njala kapena kwa kugwa. Kulira kotero ndinali ndisanakumvepo.

Koma ndiyambe ndi mmene tinafikira kumeneko.

Kwathu ndi kwa Jenala, mbali ya kumtunda, kumene timalima chimanga ndi nandolo. Sukulu ndinalekera Sitandade 4. Nditakwatiwa, amuna anga anabwera kudzakhala pakwathu monga mwa mwambo. Nyanja ya Chilwa itauma ija n'kubwereranso, matemba anachuluka, ndipo iwo anayamba kupita kudoko pa njinga kukagula nsomba zokagulitsa m'misika. Ulendowo unkawatopetsa. Ndiye chaka chimenecho, anthu atakolola mpunga, anapempha amayi anga kuti anditenge tikakhale kufupi ndi doko kwa miyezi ingapo. Tinapita atatu, ine, iwo ndi mwana wathu wamkazi. Mwanayo anali ndi chaka chimodzi ndi miyezi inayi, atangoyamba kuyenda motaya miyendo.

Ine ndinabadwa wamanyazi. Kwathu sizinkavuta chifukwa aliyense ankandidziwa. Koma kudoko anthu amalankhula mokuwa ngati nonse muli kutsidya, ndipo amaseka munthu pamaso. Ndikapita kumjigo ndinkaima kumapeto kwa mzere, wina akandidutsa ndinkangoyang'ana pansi. Tsiku lina ndinabwerako ndowa ili yopanda kanthu chifukwa cholephera kunena kuti tsopano ndi nthawi yanga.

Kuseri kwa kanyumba kathu ka mabango kunkakhala amayi ena owamba nsomba. Anali aatali, a zaka ngati za azakhali anga, maso ofiira ndi utsi. Makolo awo anachokera ku Mozambique, ndipo akakwiya kapena akasangalala kwambiri Chichewa chinkawathawa, n'kuyamba Chilomwe. Mkono wawo wamanzere unali ndi chipsera chonyezimira kuyambira pa chigongono mpaka m'manja, zala ziwiri zinali zomatana. Ine ankanditchula kuti wakumtunda.

“Iwe wakumtunda, pakamwa unasiya kwanu?” ankandifunsa m'mawa uliwonse. “Ukapita ukakatenge, kuno timagwiritsa ntchito.”

Ndinkawaopa, koma ndinkakonda kuwayang'ana akugwira ntchito. Ndinkasuzumira pa mpata wa mabango. Dzenje lawo lowambira linali patali ndi nyumba zonse, ndipo anali atalizinga ndi kakhoma kadothi kofika m'mawondo kuti mwana asagweremo. Asanakoleze moto ankatapa fumbi n'kulitaya m'mwamba kuti aone kumene mphepo ikupita. Ikaloza kunyumba za anthu ankadikira, ngakhale nsomba zili m'dengu ndipo ogula akung'ung'udza. Pambali pa dzenjelo pankakhala ndowa ziwiri zodzaza madzi a pamjigo, zovindikira bwino. Madzi amenewo sankalola munthu kumwa kapena kusamba m'manja.

Asodzi ankawaputa dala. “Amayi, tigawireniko madzi, kukhosi kwauma.”

“Nyanja yonseyi yadzaza, kamwereni komweko.”

“Nanga ndowa ziwiri zonsezi n'za yani?”

“Ina ndi ya moto, ina ndi ya munthu. Ukapsa ubwere, ndikupatsa.”

Akamaliza kuwamba ankathira madzi m'dzenjemo, n'kutakasa ndi khasu, n'kuthiranso. Kenako ankatenga phesi louma la mpunga, n'kulizika m'phulusa, n'kuimba kolasi imodzi ya nyimbo ya kutchalitchi. Akamaliza ankalizula n'kulinunkhiza. Likatuluka lozizira, apo ndiye ankachoka. Anthu ankawatchula kuti apolisi a moto. Iwo ankangoseka, amvekere, “Eya, ndipo ndimamanga.”

Kudambo kuli udzudzu woti kumtunda sitinauonepo. Mwana wanga anatupa nkhope yonse sabata yoyamba. Ndinaona kuti anzathu amaunjika mankhusu a mpunga kuseri kwa nyumba n'kuwayatsa madzulo. Mankhusu sayaka lawi, amangofuka pang'onopang'ono, ndipo utsiwo umathamangitsa udzudzu. Amuna anga anabweretsa matumba atatu kuchokera kuchigayo, tinathira mulu waukulu, ndipo Lolemba madzulo ndinauyatsa.

Lachiwiri m'mawa muluwo unali utayera pamwamba, utsi osaoneka. Kwathu phulusa la nkhuni kapena la zitsononkho likayera choncho ndiye kuti moto wafa. Timalitapa ndi manja kukatsukira mapoto. Ndinaona ngati ili ndi chimodzimodzi.

Lachitatu amayi aja akudutsa ndi dengu pamutu anaima.

“Iwe wakumtunda, mulu uwu wauthira madzi?”

Sindinamvetse. Phulusa lozima n'kulithiranso madzi chifukwa chiyani? Ndinafuna kufunsa, koma pafupi panali azibambo anayi akusoka ukonde, ndipo onse anatembenuka kuti amve yankho langa. Ndinaganizanso za mzere wa kumjigo uja.

“Eya, amayi,” ndinayankha.

“Wautakasa mpaka pansi?”

“Eya.”

Anandiyang'ana, n'kuyang'ananso muluwo. Nthawi yomweyo wogula nsomba anawaitana, ndipo anapita.

Tsopano Lachinayi lija. Amuna anga anali atalawirira kumsika ndi njinga. Ine ndinkapeta mpunga pakhomo, mwana akusewera pafupi ndi miyendo yanga. Panabwera tiana ta bakha, iye n'kuyamba kutitsatira akuseka. Ndinamuona akukhotera kuseri, koma sindinade nkhawa, chifukwa kuseriko kunalibe chitsime kapena mpeni, kunali phulusa chabe. Kabakha kamodzi kanadutsa pamwamba pa muluwo, kopepuka, osamira. Mwana wanga anapondapo ndi phazi lamanzere. Pamwamba panaphwanyika ngati chikhokho, phazi n'kulowa mpaka m'kakolo.

Nditafika ndinamunyamula. Pamene phazi linatuluka panatsala dzenje, ndipo m'katimo munali mofiira. Masiku atatu, moto uli moyo pansi.

Ndinaima naye m'manja. Phazi linali lokutidwa ndi phulusa lotentha, ine osadziwa kuti ndiligwire kapena ndilisiye. Amayi a nyumba zoyandikana anathamangira. Aliyense ankanena zake.

“Dzira! Swani dzira mupakepo!”

“Ayi, mafuta ophikira!”

“Mchere, mchere umachotsa moto!”

Bambo wa pa okala anabwera ndi mankhwala otsukira mano. Mayi wina wachikulire, amene ankalemekezedwa pamalopo, anali kale ndi dzira m'manja. Anandiuza kuti nditambasule mwendo wa mwana, ndipo ndinautambasula. Wamkulu akalamula ine sindinkadziwa kukana.

Kenako ndinamva kukuwa kuchokera kudzenje lowambira. “Mahi! Mahi!” Ndi madzi m'Chilomwe. Amayi aja ankathamanga ndi ndowa, madzi akukhavukira pa chitenje chawo. Anakankha anthu ndi phewa, n'kutsekereza dzanja la mayi wa dzira uja.

“Dziralo mukawakazingire amuna anu. Uyu ndi mwana, si chitumbuwa.”

Anandikhazika pansi ndi dzanja limodzi, n'kulowetsa phazi la mwana m'ndowamo. Madzi anada ndi phulusa. Sanapukute, sanakande, anangoligwedeza pang'ono kuti phulusa lichoke lokha.

“Muyamwitse,” anandiuza. “Mufunditse thupi lonse, kukuzizira. Phazi lokha ndilo likhale m'madzi. Inu nonse mwaimirira ngati mukuonera bawo, tengani ndowa, kumjigo! Amene ali pa mzere muwauze kuti mwana wapsa.”

Anthu anamwazikana. Madzi oyamba atafika, amayi aja anatulutsa phazi m'ndowa yakudayo, n'kuyamba kuthira ndi kapu, pang'onopang'ono, osalekeza. Kapu ikatha, ina. Ndowa ikatha, ina. Mwana ankalira, n'kuyamwa, n'kuliranso. Ine misozi inkagwera pamutu pake.

Wina anakuwa kuti, “Amayi, nsomba zanu zikupserera!”

Zinali nsomba za tsiku lonse, milamba yodzaza sefa. Iwo sanatembenuke n'komwe.

“Zisiyeni zipse. Ndowa inayo ili pompo, thirani pa motowo, mutakase. Musausiye uli moyo!”

Mayi wachikulire uja sanasangalale. Anati, “Madzi amatupitsa matuza. Ife ana athu tinawalera ndi dzira ndi mafuta, ndipo anakula.”

Amayi aja anakweza mkono wawo wamanzere, dzanja lina likuthirabe madzi.

“Nanenso ndinakula, mayi. Uwu mkono anaupaka dzira ndi mafuta amayi anga ondibereka. Ankandikonda kwambiri. Moto unatsekeredwa m'kati n'kumadyabe, kenako bala linawola. Onani zala izi. Namwino amene anadzandisamalira ndi amene anandiuza kuti akanangothira madzi, bwenzi lero ndikuluka nazo. Ndiye ndisiyeni ndithire.”

Mayi uja anabweza dzira lake m'chitenje, ndipo patapita kanthawi ndinamuona akuthandiza kulandira ndowa.

Nditamva mawu oti zala, ndinayang'ana tizala ta mwana wanga, tisanu, tofiira, tating'ono ngati nyemba. Anali atangophunzira kuyenda. Ndinaganiza kuti mwina timatana ngati za amayiwo, mwina adzakula akutsimphina, ndipo chifukwa chake chidzakhala “eya” wanga uja.

Kuthirako kunatenga nthawi yaitali, mpaka pulogalamu ya pa wailesi inatha n'kuyamba ina. Ndinanong'ona kuti mwina zakwana. Iwo anati, “Kukhosi kwako kukati zakwana, uwonjezere zomwezo.” Kulira kwa mwana kunayamba kuchepa. Pamwamba pa phazi ndi pa zala panatuluka matuza. Mtsikana wina anabweretsa munga woti tiboolere.

Amayi aja anati, “Taya uko. Thuza ndi chivindikiro, Mulungu waika yekha. Ndani ali ndi nsalu yoyera, yosavalidwa?”

Panalibe. Analowa m'nyumba mwawo n'kutuluka ndi chitenje cha chipani chimene analandira pamsonkhano, chidakali chopindidwa. Anang'amba chidutswa n'kukulunga phazi mosamangitsa.

“Bwanayu anatilonjeza zambiri,” anatero akuyang'ana nkhope ya pa nsaluyo. “Lero agwireko ntchito.”

Anthu anaseka, ndipo ngakhale ine pakamwa panasuntha.

Amayi aja anabwereka njinga ya mlongo wawo, n'kumanga chitenje m'chiuno ngati mwamuna. Ine ndinakhala pa kaliyala, mwana pachifuwa, phazi ndalikweza m'dzanja. Njira ya kudambo ndi yamchenga, pena ankatsika n'kukankha, ine ndili pompo. Ndikati nditsike ankati, “Khala, wakumtunda, sulemera kuposa dengu la milamba.” Njira yonse sanandifunse za muluwo.

Kuchipatala chaching'ono tinapeza mzere, koma iwo sanaime kumapeto ngati ine. Analowa mpaka pakhomo n'kunena kuti mwana wapsa. Adokotala anamasula nsalu ija, n'kuyang'ana nthawi yaitali.

“Mwapakapo chiyani?”

“Madzi okha,” ndinayankha motsitsa.

“Nthawi yaitali bwanji?”

“Ndowa zisanu ndi imodzi,” anayankha amayi aja.

Adokotala anakweza mutu. Anati ana ambiri opsa amafika atapakidwa zinthu zoti iwo ayambe n'kupala, mwana akukuwa, koma uyu bala lake linali loyera. Anati moto sunalowe kwambiri m'kati. Anatsuka, anapaka mankhwala, n'kuika kansalu pakati pa chala chilichonse asanamange bandeji.

“Zalazo zimatana?” anafunsa amayi aja. Mawu awo anali atatsika, sindinawamvepo akulankhula motero.

“Sizimatana, bola azibwera naye kudzatsukitsa monga ndiwauzire, ndipo bandeji isanyowe kapena kuda.”

Amayiwo anatuluka n'kukakhala pa benchi. Nditawatsatira ndinawapeza akusisita zala zawo zomatana zija.

Pobwerera dzuwa linali litapendeka. Mwana anagona kumbuyo kwanga, ndipo tinkayenda pansi tonse awiri, iwo akukankha njinga. Tinayenda mtunda wautali. Titafika pa minda ya mpunga ndinawaululira.

“Amayi, ndinakunamizani. Sindinathire madzi. Sindinkadziwa kuti mankhusu amasunga moto, ndipo ndinachita manyazi kufunsa.”

Anapitiriza kukankha njinga.

“Ndinadziwa,” anatero. “Phulusa lothiridwa madzi limada. Lako linali loyera ngati ufa. Ndinati ndikagulitsa nsomba ndibwerere ndidzathire ndekha, koma ndinaiwala. Bodza ndi lako, kuiwala ndi kwanga. Tonse tamuwotcha mwanayu.”

Ndinalira. Ndinkayembekeza kuti andikalipira, ndipo mwina zikanandipepukira. Koma munthu amene anataya nsomba zake za tsiku lonse, n'kupalasa njinga mumchenga chifukwa cha mwana wa mlendo, anatenga theka la mlandu wanga n'kusenza yekha.

“Tamvera, mphwanga,” anapitiriza. Kanali koyamba kunditchula choncho. “Ukapanda kudziwa, funsa. Ndikuseka, inde, ine ndimaseka aliyense. Koma ndikamaliza kuseka ndikuyankha. Manyazi ukachitire apongozi ako, osati moto.”

Titafika tinapeza anthu atathira beseni limodzi pamwamba pa muluwo. Amuna anga, amene anali atabwera ndipo nkhope ili gwa ndi mantha, anati azimitsa kale. Amayi aja anapukusa mutu. Anakoka chibenthu cha bwato lakale n'kutchinga njira ya kuseri, n'kuuza amayi onse kuti mwana asapiteko.

“Mawa uzimitse wekha,” anandiuza. “Ndi manja ako. Ndikufuna uone kumene umabisala.”

Mwanayo anachira patatha milungu ingapo. Zala zonse zisanu zinatsala zotayana. Lero ndi wamkulu, amayenda mofulumira kuposa ine, ndipo chipsera chake ndi kachigamba kotuwa koti sungakaone ngati sunauzidwe. Kudoko tinachokako mvula itayandikira, ndipo amayi aja sindinadzawaonenso. Koma mpaka lero pakhomo panga pamene pali moto pamakhala ndowa ziwiri, ndipo ana anga amadziwa kuti si zakumwa.

Koma tibwerere ku Lachisanu lija, mawa lake la ngoziyo. M'mawa ndinabereka mwana kumsana, phazi la bandeji ndalikulunga bwino, n'kupita kumjigo ndi ndowa ziwiri. Mayi wina atafuna kundidutsa ndinati, “Pepani, tsopano ndi ine.” Mawu anatuluka aang'ono, koma anamva.

Ndinasiya mwana m'manja mwa bambo ake, n'kutenga khasu. Nditakumba pakati pa muluwo, pansi pa phulusa lonyowa lija panali pofiirabe, masiku anayi chiyatsireni. Ndinathira madzi, nthunzi inandimenya kumaso. Ndinatakasa, ndinathiranso, ndinabwerera kumjigo kawiri, mpaka zonse zinasanduka matope akuda. Kenako ndinazika phesi louma n'kuimba kolasi imodzi chamumtima. Linatuluka lozizira.

Ndikuwongoka ndinaona mulu wina woyera kuseri kwa nyumba yachitatu kuchokera pathu. Pamenepo pankakhala mayi wina wa mapasa okwawa, amene sindinalankhulepo naye chifikire. Ndinatola phesi lina, ndinanyamula ndowa yotsala, n'kupita.

“Odi. Achemwali, mulu uwu mwauthira madzi?”

“Eya,” anayankha, akupitiriza kusesa.

Ndinayang'ana phulusalo. Linali loyera ngati ufa. Ndinagwada, n'kuzika phesi langa mpaka pansi, iye akundiyang'ana modabwa. Nditalizula, nsonga yake inali yakuda, ikufuka. Anasiya tsache, n'kukatenga khasu lake, ndipo ine ndinayamba kuthira.